Loweruka la Namoto

Loweruka lililonse timakumana atatu
kuseri kwa siteshoni ya Mchinji,
kumene kanjanji kakufa kamathera m'tsekera.
A Kamphinda amabwera ndi mandimu ndi phulusa,
Lufeyo ndi girisi m'chitini cha majarini,
ine ndi nsanza, ndi mawondo anga olira.

Ndi uyo Namoto,
wakuda bii, chifuwa ngati nkhokwe yogona chammbali,
mawilo ofika m'khwapa mwanga,
nambala yamkuwa ikung'anima pamphumi
chifukwa manja athu sanafe.

Kuno sanabwere ndi moto wake.
Njanji inafika mochedwa, iye atapuma kale;
anachita kumukoka ndi dizilo
ngati nkhalamba yogwidwa dzanja popita kuchipatala,
ali duu, osatsokomola n'kamodzi komwe.
Tsiku limenelo ndinavula chipewa pageti,
anyamata n'kumandiseka.

Aseke.
Sanamuone akulimbana ndi chitunda mbandakucha,
mabogi khumi ndi anayi kumbuyo,
njanji ili nyowee ndi mame,
mawilo akuterera, ife tikuthira mchenga,
ine fosholo, fosholo, fosholo,
malasha kulowa, thukuta kutsika,
mpaka iye anati fuu!
n'kukwera ngati wakumbuka ngongole pamwamba paphiri.
Chipsera ichi padzanja anandipatsa ndiye.
Mkazi wanga ankati ndili ndi mitala.
Sindinatsutse.

A Kamphinda ndiwo ankamuyendetsa.
Lero maso achita nkhungu,
koma alekeni akwere okha:
zala zimapeza chogwirira chilichonse
ngati munthu wopapasa nkhope ya mwana wake mumdima.
Amati mluzu wake unali wa mawu awiri.
Lufeyo amati atatu.
Zaka zisanu ndi ziwiri mlanduwu sunathe,
ndipo mboni ili apayi, yatseka pakamwa.

Lufeyoyo sanagwirepo ntchito ya njanji.
Anali kamwana kogulitsa nthochi pawindo ku Golomoti,
koika msomali panjanji
kuti Namoto aupondereze ukhale mpeni.
Mpeniwo akadali nawo.
Ndi umene timadulira mandimu.

Ana a sukulu amafunsa:
Agogo, petulo amathira pati?
Timawaonetsa ng'anjo,
m'mene mavu amangamo mudzi wawo,
timawauza kuti iyi inkamwa madzi ngati ng'ombe,
inkadya miyala yakuda, n'kumapuma ngati munthu.
Amayang'anana. Amajambula ndi foni. Amapita.

Chaka chatha kunabwera wa zitsulo
ndi sikelo yake, ndi mano ake oyera,
nati zonsezi pa kilo zingagule minibasi.
A Kamphinda anangofunsa:
Nanga amayi ako, pa kilo ndi zingati?

Dzulo tachita chinthu chosaloledwa.
Lufeyo anatola makoko a mtedza kumsika,
thumba lathunthu,
tinapepesa mavu, n'kuwasamutsa,
ndipo ndinagwada pamene ndinkagwada kale
ndi machesi m'dzanja lonjenjemera.

Sunali moto woti n'kuwiritsa madzi.
Sunali woti n'kusuntha ngakhale nyerere.
Koma utsi unapeza njira yake yakale,
unadutsa m'mipope ya dzimbiri,
n'kutulukira pachumuni
woonda ngati ulusi,
n'kupendekera cha kumapiri a kumalire.

Wakabaza anaima, phazi limodzi pansi.
Mayi wosenza chinangwa anatembenuka ndi dengu lomwe.
Mlonda anabwera akuthamanga,
atafika anaiwala chimene amadzanena.

A Kamphinda sanaone kanthu.
Anangokweza mphuno,
dzanja lili pachitsulo chofunda pang'ono,
nati: Wadzuka kodi?

Ndinati: Ayi, akulota chabe.

Nati: Basi, tsitsani mawu.
Ndipo tinakhala pamenepo, nkhalamba zitatu,
mandimu ali m'manja,
mpaka khoko lomaliza linazima.