Mapini M'kamwa

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndaimba kwaya ku Iloilo,
mzere wachitatu, pafupi ndi chipilala chong'aluka.
Nenita wabwera dzanadzanali,
koma ndiye amene Bambo Efren anamuloza
kuti aimbe yekha Salimo pa Misa ya m'bandakucha.

Ndinaomba m'manja, anthu anaona.
Koma usiku, mvula ikugogoda malata,
ndinkagona ndi kanthu pachifuwa
konga nkhanu m'ndowa,
kukanda, kukanda, osatuluka.
Ndinkawerenga zolakwa zake ngati mikanda ya kolona:
amapumira pakati pa mawu,
amachedwa,
nsapato zake n'zobwereka.

Lachinayi anatulukira pashopu panga
atafukata diresi loyera la malemu mayi ake.
"Manang Rosing, landitalikira. Ndilibe wina."

Ndinagwada.
Telala sapinda mpendero ali chiimire.
Mapini asanu m'kamwa,
lilime langa lakuthwa lija linasowa potembenukira.
Ndinaona zidendene zake zong'aluka
ndi madzi a kumsika wa nsomba,
mawondo akunjenjemera kuseri kwa nsalu.
"Ndikuopa," anatero. "Mawu akadzandithawa
mudzayambe inu chapansipansi,
ine ndidzakutsatani."

Ambuye, Inu munagwada ndi beseni
pamapazi a anthu olimbirana mpando.
Ine mwandigwaditsa ndi tepi m'khosi.
Ndinalavulira mapini m'dzanja, imodzi imodzi,
pamodzi ndi mawu onse amene ndinamusungira.

Ndisaname kuti nsanje inafa tsiku lomwelo.
Imabwerabe ngati nyerere pa shuga,
ndasesa lero, mawa ndi iyi.
Koma ndaphunzira kuitchula dzina patsinde pa Mtanda,
kenako n'kutchula la Nenita,
kumupempherera, kumupempherera,
mpaka dzinalo litasiya kundibaya pakhosi.

M'bandakucha uja,
nyali zonga nyenyezi zili lendelende pakhomo la tchalitchi,
fungo la mikate ya mpunga likulowera pazenera,
anaimirira.
Mawu oyamba anagwedera.
Ndinayasamula kuti ndimuchirikize,
koma anadzuka okha, nakwera,
nakafika kumene anga sanapondeko.

Ndinatseka pakamwa.
Mayi woyandikana nane anandipatsa kampango
ndisanadziwe kuti ndikulira.
Ndinayang'ana mpendero uja,
unali wowongoka bwinobwino,
ndipo Amen wanga anatuluka
wopanda pini.