Ntchito Yanga ndi Kuswa

Amandilipira kuti ndiswe zinthu.
Amayi ku Mufakose amaseka ndikawauza,
akuti makapu awo ndinkaswa mwaulere.

Nsanjika yachinayi, zenera loyang'ana ku Kopje,
jenereta ikutsokomola pansipo, magetsi anathawa mbandakucha.
Yotamu wamanga chipata cha pulogalamu yotumizira ndalama kumudzi,
wachiyesa ndi alendo aulemu okhaokha,
odziwa tsiku lawo lobadwa,
a mayina oumbidwa m'chikombole ngati njerwa,
a netiweki yosadukiza.
Ine ndimafika pambuyo pake, mlendo wamwano, matope kumapazi.

Pamene afunsa ndalama ndalembapo "mawa."
Pa nambala ya foni ndasiyapo mphepo.
Ndatumiza madola ochepera ziro,
ndadina batani kasanu ndi kawiri
ngati munthu amene kombi ikumusiya pa Copacabana.
Ndazula chingwe pempho lili pakati pa ulendo
kuti ndione ngati ndalama zisochera m'njira
kapena zibwerera m'thumba la mwini wake.

Kupunthwa sikundidabwitsa, makina onse amapunthwa.
Ndimatchera khutu ku zimene chipata chinene chikagwa.
Kodi chiti "pepani, pasowa manambala awiri,"
kapena chivula pagulu
n'kukhuthulira mlendo matumbo a seva,
mizere ya kodi, mayina a mafayilo, makiyi a kuchipinda?
Mazana anayi: zimene mwanena sitinazimve.
Mazana anayi ndi zinayi: tafunafuna, kulibe.
Mazana asanu: vuto ndi lathu, inu musadziimbe mlandu.
Lomalizali limakakamira pakhosi,
la makina ngakhale la munthu.

Masana, maputi ali mbwee pa kiyibodi,
mayeso makumi atatu atabiriwira kale,
ndinalemba dzina la malemu bambo momwe ankalilembera okha:
Mbeŵe,
kadenga kali pamutu pa w.
Chipata chinagwa chagada.
Sikirini mbee.
Sichinapepese, sichinatukwane, chinangoti zii.

Nanenso ndinati zii.

Bambo anaimapo pamzere wa zitupa, chipewa kumanja.
Kalaliki anagwetsa kadenga kaja osadzutsa mutu,
nafunsa tsiku lobadwa.
"Chaka cha njala, mapira atangofesedwa," anatero bambo.
M'bokosi munalibe malo a mapira.
"Mubwere mawa."
Sanawauze chimene chalakwika,
kaya ndi chithunzi, kaya ndi chidindo, kaya ndi iwo amene.
Anabwera mawa lake, ndi mawa linalo,
nsapato zinaphunzira zokha njira ya m'tauni,
ndipo madzulo ankakhala pakhonde n'kumasanthula mapepala awo
kufunafuna pamene analakwitsa.

Ndinalemba mayeso atsopano, a nambala makumi atatu ndi chimodzi.
Dzina la kadenga lilowe ndi kadenga kake.
Wosadziwa tsiku lobadwa asaponyedwe mumdima,
auzidwe khomo lina loti agogode.
Chipata chikalephera chivomere ndi pakamwa pake,
chilembe m'kaundula ola ndi malo amene chagwera,
ndalama za munthu zisakhudzidwe.
Ndinayendetsa. Psuu, kufiira.

Yotamu anakoka mpando, akutafuna chivindikiro cha cholembera.
"Ndani angalembe chilembo chimenechi kuno, Esinala?"
Ndinamuonetsa chitupa changa, pamene denga linasasuka.
Sanayankhe. Anakonza mizere inayi,
wachisanu anaufufuta n'kuulembanso.
Jenereta inazima, magetsi n'kubwera, mafani n'kuyamba kuzungulira,
ndipo mzere wofiira uja unabiriwira
pa folo koloko yodutsa pang'ono.

Pobwerera, kombi inatifera pafupi ndi Kambuzuma.
Kondakitala, mnyamata wa jekete long'ambika pachigongono,
anatsegula chitseko n'kunena mosabisa:
"Dizilo watha, vuto ndi lathu. Ndalama zanu nazi."
Anatiwerengera m'manja mmodzimmodzi.
Ena anang'ung'udza.
Ine ndinatsika ndikumwetulira ngati wopenga,
ndinayenda wapansi mpaka kunyumba,
ndikulemba kadenga m'mwamba ndi chala.