Zipinda Zinayi pa Seva

Lolemba m'mawa, mu ofesi yathu kuseri kwa msika wa Kapata,
anthu atatu anabwera ndi malipoti atatu
onena za matumba omwewo a nshawa za ku Katete.
Bambo Njobvu akuti zikwi zinayi ndi mazana awiri.
Malizani akuti ayi, chotsanipo makumi awiri ndi awiri.
Wachitatu anangotseka laputopu n'kuyang'ana fani
ikuzungulira kudenga ngati nayonso ikuwerengera.
Abwana anavula magalasi. Anatchula dzina langa.

Ndiye Loweruka ndinalowa ndekha m'foda ya tonse,
mmene aliyense amaponyamo chake n'kuthawa.
Lipoti lomaliza.
Lipoti lomaliza lachiwiri.
Lomaliza lenileni.
Lomaliza lenileni la Malizani, chonde osakhudza.
Chithunzi cha ukwati wa munthu amene sindim'dziwa.
Mitengo ya soya ya zaka zisanu zapitazo
itakhala pamwamba pa ya dzulo, yopanda manyazi.

Magetsi anathima hafu pasiti teni.
Ndinapitiriza pa batire, ndi pensulo kuseri kwa lisiti.

Chipinda choyamba: manambala aawisi,
monga afikira kuchokera pa masikelo a ku madepoti,
fumbi lawo lili pomwepo, wina asawapukute.
Chachiwiri: poyeserera. Lakwitsani mmene mufunira,
koma lembani dzina lanu ndi tsiku pakhomo.
Chachitatu n'cha zimene tagwirizana.
Mmenemo thumba ndi makilo makumi asanu,
osati "lodzaza bwino,"
osati "a ku Chadiza amatsendera kwambiri."
Makiyi olembera ndi awiri okha. Kuwerenga, aliyense.

Lachiwiri Bambo Njobvu anaima pa desiki yanga.
"Zaka khumi ndi chimodzi ndili pano,
lero kompyuta indiuze kuti ndilibe chilolezo?"
Ndinati, "Inenso yandikana kawiri m'mawa uno."
Sanaseke. Ananyamula kapu yawo ya tiyi n'kupita.
Koma madzulo fayilo yawo inali m'chipinda chachiwiri,
dzina, tsiku, zonse,
m'zilembo zikuluzikulu ngati munthu akukalipa.

Chimene sindinauze munthu ndi foda ya Tisauke.
Tinam'goneka ku Mtenguleni dzinja lathali,
koma masamu ake sanamve za maliro:
mpaka lero tebulo lililonse la kampani ino
limatunga pa chitsime chimene anakumba iye.
Pansi penipeni, m'kabokosi kopanda mtundu, anasiya mawu:
"Ngati mwafika kuno ndiye kuti china chasokonekera. Pepani.
Yambani mwaona maina a alimi."

Ndinaona maina a alimi.
Zelipa Miti ali m'kaundula.
Zeripa Miti mulibe.
Mudzi umodzi, foni imodzi, chala cha kalaliki chinaterereka,
ndipo matumba makumi awiri ndi awiri anagwera pakati
pa chilembo ndi chinzake.
Miyezi itatu mayiyo akukwera njinga ya hayala kupita ku depoti,
miyezi itatu akuuzidwa kuti, "Amayi, ndi sisitemu."

Ndinakhala chete kwa kanthawi.
Kunja mnyamata ankaitanira mbatata za ku Mwami.
Kenaka ndinakonza chilembo chimodzi chokhacho,
n'kulemba m'mbali mwake dzina langa ndi tsiku,
poti lamulo ndinaika ndekha liyambe kuluma ine.

Foda ya Tisauke sindinaifufute.
Ndinaimangira chipinda chachinayi,
chimene sichinali pa lisiti lija la pensulo.
Palibe wolembamo. Chitseko n'chotsegula.

Tsopano Lolemba pakhoma pamaoneka nambala imodzi.
Msonkhano umatha tiyi asanazizire,
mkangano wasamukira ku mtengo wa dizilo
ndi kwa amene anatenga chaja ya Malizani.
Lachinayi lapitali foni ya ku depoti inalira:
ndalama za Mayi Miti zalowa,
ati afunsa ngati sisitemu uja anachira,
ndipo atisiyira kathumba ka nshawa zokazinga
kamene sitikudziwa kuti tikalembe m'chipinda chiti.