Ndimagulitsa Nyanja pa Lizulu

Ofesi yanga ndi khomo lachitatu kuchokera pa sikelo ya mbatata,
chipinda chomwe kale ankameteramo tsitsi.
Galasi adalisiya. Ndimadziona m'menemo, majuzi awiri, Juni uno,
ndikulembera anthu kuti asaiwale zipewa za dzuwa.

Kutsidya kwa msewu ndi Mozambiki.
Foni yanga ikatopa ndi Malawi imalumpha yokha
n'kulonjeredwa m'Chipwitikizi
ine phazi ndisanasunthe.
Amati ukalitsata dziko limenelo mpaka kumathero
umafika pamene nthaka imagonja.
Ine sindinafikeko.

Koma ndifunseni za sitima ya Lachiwiri.
Ikocheza padoko m'ma sikisi,
maboti ang'onoang'ono atenga alendo khumi ndi anayi
kukaona anamgumi, ngati anamgumiwo afuna.
Masana galimoto yopanda denga, njovu, fumbi,
madzulo tebulo la pakhonde, nkhanu zofiira m'mbale,
mandimu odula panayi.
Chipinda nambala seveni chili ndi bafa loyang'ana kumadzi.
Nambala naini musalole, kuseri kwake kuli jenereta.
Zonsezi ndimazidziwa monga ndidziwira
mtengo wa ndowa ya kachewere Loweruka.

Bwana wa ku Lilongwe amandilipira pa mutu.
Mutu wa sabata ino ndi mayi wa kudziko lozizira kuposa kuno,
wofuna tebulo la awiri usiku uliwonse
chikhalirecho tikiti wagula imodzi.
Ndinayesa walakwitsa. Ndinakonza.
Anabweza kalata: ayi, siyani mipando iwiri,
ndalamazi tidasunga zaka naini, iye ndi ine.
Kenako funso, pansi penipeni:
inu amene mumaidziwa nyanjayi,
imanunkhira bwanji m'mawa?

Magetsi anazima ndisanayankhe.

Ndinatseka, n'kudutsa pakati pa milu ya kabichi ndi anyezi
mpaka kwa a Ngozo, amene adayendetsa lole ya mafuta
njira ya ku Beira kufikira maso atachita ng'ala.
Ndinawapeza akusoka thumba la feteleza.
Anaseka, ulusi uli kukamwa.
Iwe Namaseko, ine ndinkafika usiku n'kugona pamzere padoko.
Kununkha dizilo. Nsomba zoyamba kuwola.
Anakoka ulusi, n'kukhala kaye chete.
Koma tsiku lina tayala litaphulika ndidatsala mpaka kucha.
Ndidavula nsapato. Madzi adabwera okha kudzandikhudza,
n'kuthawa, n'kubweranso,
ngati mwana amene sanakuzolowere.
Fungo lake? Ukudziwa chikwanje chogonera pa mvula?
Chimenecho, ndi mchere,
ndi kamphepo kosadutsa m'munda wa munthu aliyense.
Pa Tete pobwerera ndidanyambita mkono wanga,
mchere udakalipo.

Magetsi anabwera cha m'ma teni usiku.
Ndinalemba zonse, ndi chikwanje chomwe,
osanena kuti n'zobwereka.
Pa pepala la woperekera zakudya ndinawonjezapo:
mpando wachiwiriwo musauchotse,
tambula yake ikhalepo,
ndipo musafunse.

Kunja malole a mbatata anali atandanda, akutsokomola ndi chisanu,
ena olowera ku Blantyre, ena kaya kuti.
Ndinawerengera kumbuyo kwa lisiti:
mitu ingati kuti nanenso ndikaponde ku Beira,
basi, chitupa, kachipinda kotchipa kopanda zenera la kumadzi.
Inakwana makumi anayi ndi itatu,
Mwatitha akapanda kudwala,
fizi ikapanda kukwera,
denga likapirira dzinja limodzi lina.

Ndinapinda lisitilo
n'kulisomeka kuseri kwa galasi la ometa,
mmene muli kale ena awiri a chaka chatha.