Kachulu ka ku Halale

Atate ankakatchula kuti Kopi,
ngati dzina la mwana wa mnzawo.
Kwathu ku Dedza, ankatero, aka n'kachulu chabe,
mbuzi yabere ingakwere osapumira.
Komabe Lamulungu lililonse, akaweruka pa ulonda
ku fakitale ya fodya,
tulo tili m'maso, ankandigwira padzanja
n'kuyamba chitunda.

Njira zilipo zingapo.
Yatala imazungulira ngati munthu wangongole,
imeneyo ndi ya magalimoto
ndi akwati odzajambulitsa.
Ina anaiponda ndi Apositoli,
mikanjo yoyera, mapazi opanda nsapato,
imakathera pa mwala wodetsedwa ndi utsi.
Yathu inalibe dzina:
kuseri kwa galaja, kulumpha ngalande,
chisoso n'kumamatira m'masokosi,
mabotolo osweka, buluzi pa thanthwe
akugwedeza mutu ngati watizindikira.

Pamwamba ena amaloza
pomwe asilikali akale anaima n'kuyeza dambo
lomwe lero ndi nyumba zosanjikana.
Atate ankafulatira zonsezo.
Sankayang'ana Mbare, kumene tinkachita lendi,
kapena njanji imene inawatula kuno
ndi bulangete limodzi ndi chitupa.
Ankaloza kumene kulibe kanthu,
mtambo wokha:
Tete ali uko. Ukaoloka, wafika.

Sanaoloke.

Mitengo iyi anzanga a Chishona amati musasa.
Atate ankaseka: dzina n'loona,
msasa sagonamo zaka makumi anayi,
koma taonani ine Yotamu mwana wa Kachingwe,
mtchona wa mano atatu.

Lero ndakwera ndi mdzukulu wawo, Ruvarashe,
amene Chichewa chake ndi "zikomo" basi.
Wavala nsapato zothamangira,
foni ikumuwerengera mapazi.
Wandisiya pa ngalande ndikupuma wefuwefu,
bondo likulira ngati chitseko cha kukhitchini.

Mwezi uno tauni yonse yachita bii ndi jakaranda,
makombi akuitana okwera pansipo,
mawu ake akufika kuno ataonda.
Mwana wafunsa m'chinenero cha amake
kuti agogo ankaonanji pano.

Ndatambasula mkono.
Chala chapeza chokha malo aja,
pakati pa nsanja ya mafoni ndi khwangwala wouluka.
Iye wajambula.
Pa chithunzipo pali chala changa
ndi thambo.