Kudonthera M'kati

Pansi pa galimoto yanga mpouma.
Yalanipo nyuzi usiku, m'mawa muiwerenga yonse,
popanda dontho pa nkhope ya munthu.
Ndinkadziguguda nazo pachifuwa pa Luchenza:
yakalamba, inde, koma sikodzera pamphasa.

Tsiku lomwe giya yachitatu inayamba kulira
tinali pa chitunda cha ku Makwasa,
matumba khumi ndi anayi a mapeyala kumbuyo,
chiperoni chitameza minda ya tiyi mbali zonse.
Poyamba ngati udzudzu m'khutu,
kenako ngati chigayo chatha chimanga.

A Mukhova sanafunse zambiri.
Anayala thumba la feteleza, nalowa chagada,
namasula bawuti ya m'nthiti mwa giyabokosi,
napisamo chala. Chinatuluka chouma.
Anadzikhwekhwereza pang'ono chakumbuyo
namasula ya thiransifa:
oyilo khuthu! m'khwapa, m'ndevu,
fungo la dzira lovunda galaja yonse.

"Wakuba ali m'nyumba momwemo," anatero akulavula.
"Pakati pa mabokosi awiriwa pali kamphira kamodzi,
kozungulira ngati chibangili cha khanda.
Katha milomo.
Wakutsogolo akuwonda, wakumbuyo akukhuta mpaka pakhosi,
ndipo dothi silikumva kanthu."

Ndinafunsa mtengo.
Kamphirako nkotchipa, nkhuku imodzi basi, ku Limbe.
Koma kuti ufike kumene kamakhala
uchotse mashafiti awiri, utsitse bokosi lonse,
masiku atatu galimoto itakhala pa zitsa.
Mapeyala sadziwa kuwerenga mpaka atatu.

Choncho Loweruka lililonse, dzuwa lisanafike pa mtengo wa bulugama,
ndimalowa pansi kukagawa chakudya kwa abale awiri.
Ndimalanda kwa wokhuta, m'chitini cha penti,
ndimasefa pa sokosi yakale,
ndimabwezera kwa wanjala
ndi botolo la sobo ndi kapayipi ka njinga yamoto.
Oyilo wa nayinte ndi waulesi m'mawa wa Juni.
Umafinya botolo mpaka dzanja lichite dzanzi,
iye akuyenda ngati wotumidwa kukabweza ngongole,
mpaka asuzumire pabowo. Basi. Tseka.
Osamanga mwaukali, mazinga ake ndi okalamba.

Pamwamba pali kabowo kopumira.
Matope a ku Thekerani amakamata,
ndipo bokosi likatentha, losowa kopumira,
limakankhira zonse kwa mnzake.
Ndimakatokosa ndi sipoko ya njinga.

Kamodzi tinayesa nzeru:
payipi kuchoka pa bowo ili kufika pa bowo lija,
kuti wokhuta azibweza yekha.
Inagwira milungu isanu.
Chitsa china, pa njira yodula m'munda wa nthochi,
chinaikoka ngati mchira,
ndipo tsiku limenelo dothi linamwadi.

Mwana wanga Esimi amalemba kumapeto kwa kope la masamu:
tsiku, makilomita, theka la botolo, botolo lathunthu.
Mwezi uno manambala akukwera chitunda.
Dzulo, atanjuta pambali pa tayala, sipanala m'manja,
wandifunsa:
"Ababa, ngati sakutayika, bwanji tikuti akudontha?"

Ndinanamizira kuti bawuti yalimba.
Ndinali ndikuganiza za amake,
momwe amachotsera ya sopo kuika pa fizi,
ya fizi kuika pa dizilo,
ya dizilo kubwezera pa mchere,
bwalo losesedwa bwino, popanda dontho,
odutsa nkumati pakhomo apa zikuyenda.
Chitenje chawo tsopano chimazungulira kawiri.
Ndani anapisapo chala?

Kamphira ndinagula Disembala wathayu.
Kali m'kabati ka padeshibodi, m'pepala lake,
pamodzi ndi laisensi ndi fyuzi ziwiri zakupsa.
Pa mabampu a pa Bvumbwe ndimakamva kakugogoda.
Ndikudikira sabata yopanda katundu,
ndikupempheranso kuti isabwere.