M'kati mwa Bulangete

Ndaziona, mwana wanga,
chikwama chija ndachimanga usiku uno
magetsi atathima Rosettenville yense,
ndikuunika ndi foni, zala zitauma ndi chisanu cha Juni.
Chinyamuka Lachisanu pa Park Station,
a Kampango akachitsitsa pa Kampepuza Lamulungu.

Mafuta ophikira ndi a agogo ako.
Nsapato zakuda ndi za Likisoni,
zikamukulira aikemo pepala.
Bulangete la maluwa ndi lako.
Ukalifunyulule uli wekha.

Muli mapadi, mapaketi asanu,
kabuku ka zithunzi kochokera ku kiliniki,
ndi mawu awa, amene akhala pakhosi panga
ngati mbatata yodya popanda madzi.

Ine nditatha msinkhu ananditsekera m'nyumba sabata yathunthu.
Anati usathire mchere m'ndiwo,
usalowe kuchipinda kwa makolo,
uziopa moto.
Moto wake uti? Palibe ananena.
Ine ndinkangolambalala mbaula.

Bambo ako anali ndi njinga ya kabaza ndi mano oyera.
Anati kamodzi kokha sikapatsa mimba.
Anati ukasamba msanga zonse zimachoka.
Nayenso anangozimva kwa anzake pasiteji.
Ndinali Sitandade 7.
Dzina lakolo sindinalitole panjira.

Kuno kwa dona wanga ku Northcliff
kuli mtsikana wamsinkhu wako.
Amalembera homuweki pa tebulo la kukhitchini,
chithunzi cha chiberekero chili poyera, pafupi ndi buledi,
mayi ake akumukonza pamene walakwitsa.
Tsiku loyamba ndinagwetsa kapu.
Lachiwiri ndinasita malaya amodzi kwa ola lathunthu,
khutu lili kutebulo.
Njira imene iwe unadzera
ndaidziwa ndili ndi zaka makumi atatu,
kwa mwana wa eni,
simbi ili m'manja.

Choncho tamvera, sindizungulira.

Kamodzi n'kokwanira.
Magazi a mwezi si matenda, si tsoka,
mchere uzithira.
Kachilombo sikalembedwa pamphumi;
wonenepa, wa tayi, woyimba bwino m'kwaya,
onsewo sungawayeze ndi maso.
Wokugulira mayunitsi, wokukweza pochokera kuchigayo,
wokulonjeza malikisi,
umuthokoze pakamwa, zathera pomwepo.
Thupi lako si chenji.
Ukati ayi, watha kuyankhula,
kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi amalume ako enieni.
Wina akakugwira mokakamiza, mlandu si wako.
Usakhale chete, usadikire kuti mwezi uoneke,
fika kuchipatala masiku atatu asanathe,
kuli mankhwala.
Kenako undiuze. Ndidzakwera basi tsiku lomwelo.

Ndipo lidzafika tsiku loti mtima wako ufune wokha.
Ndikupempha lichedwe, mayeso ayambe adutsa.
Koma likadzafika usadzapite m'chimbulimbuli ngati ine.
Ukafunse anesi za makondomu, za kulera, za kuyezetsa,
maso ali pa iwo, osati pa zala zako zakumapazi.
Akakakuseka, ukafunsenso.

Likisoni ndimuimbira padera Loweruka.
Ndevu zikamamera azidziwa
kuti mimba imakhala ndi eni awiri,
ngakhale mmodzi ali ndi njinga yothawira.

Agogo ako akamva adzati Joni wandizunguza mutu,
mayi sanena zotere kwa mwana wobala yekha,
zimenezo n'za anamkungwi.
Usakangane nawo.
Anandipatsa zimene nawonso anapatsidwa,
zokulungakulunga m'miyambi.
Koma ine ndinakusiya uli ndi mano a mkaka,
ndakulera pa foni, mphindi zowerenga,
ndilibe nthawi yophiphiritsa.

Taona, magetsi abwera.
Wailesi ya Mzimbabwe wa chipinda chinacho yadzuka yokha.
Mawa ndilawirira takisi ya faifi,
ndisiyire pano.

Tsamba la chikasu m'kabukumo uliwerenge kawiri.
Pamene sunamve uchonge ndi pensulo,
ngakhale pakhale pochititsa manyazi bwanji.
Ukatha undiflashe.
Ndiimba ine.